Eliness Anapinda Mapiko

Eliness, mdzukulu wanga, anafika pano pa Wovwe pa kabaza, mpunga utangoyamba kucha m'minda, atapakata kachikwama kamodzi basi. Ndinayang'ana kumbuyo kwake, ndinasuzumiranso kunjira. Mwana wake Sheila, amene sasiyana naye ngakhale popita kumjigo, sanaoneke.

"Mwana ali kuti?"

"Watsala, agogo."

"Watsala ndi ndani, iwe uli pano?"

Anakhala pansi pakhonde, navula nsapato, nayamba kuyang'ana zala za kumapazi ngati ndi za munthu wina. Kenako anati, "Akuti ine ndizipita. Mwana ndi wa ng'ombe zawo za malowolo."

Sheila anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba muno munalibe nkhani ina koma ya mwanayo.

Ndikulemba izi chifukwa ku Iponga, kumene Eliness anakwatiwa, amunenera zambiri, ndipo zina zatsika ndi maminibasi mpaka kufika kuno. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma cholembera ndimachigwira. Wofuna kumudziwa Eliness amve kwa ine amene ndinamusambitsa mchombo usanagwe, osati kwa anthu amene anamuonera pa foni.

Mayi ake anali Emma, mwana wanga woyamba. Bambo ake anapita ku Mbeya kukagula katundu Eliness akuyamwa, ndipo katunduyo akugulabe mpaka lero. Tinamulera awiri, ine ndi Emma, ndi mpunga wa m'sikimu yothirira muno.

Eliness ali Fomu 3, Emma anagwa m'munda akuwokera mpunga. Anamupeza ndi Eliness yemweyo, atagona chammbali m'matope, pakamwa patapotoka, dzanja ndi mwendo wakumanja zitafa. Anamubereka kumsana, mtsikana kubereka mayi ake, mpaka kumsewu. Kuchipatala anati ndi kuthamanga kwa magazi, kumene masiku ano timangoti bipi. Sukulu inathera pomwepo. Aphunzitsi anabwera kudzamunyengerera, iye anangoti, "Ndikakhala m'kalasi, amayi awatembenuza ndani?"

Nthawi imeneyo kuchipatala cha kwathu kuno kunali mayi wina wochokera ku Japan, dzina lake Noriko, wamfupi, imvi zitayamba kale m'mutu. Ankayenda m'midzi pa njinga yakapalasa kuwongola ziwalo za odwala. Chitumbuka chake chinali chopunduka kuposa odwala akewo, koma Chichewa ankayesako. Iyeyu ndi amene anaphunzitsa Eliness kupinda ndi kutambasula dzanja la mayi ake, kuwakhazika, kuwaimiritsa atagwira mtengo wa khonde. Tsiku lina atamaliza kuyeza Emma, anamanga kachipangizo kaja pa mkono wa Eliness. Anayeza, anapukusa mutu, anayezanso.

"Mama," anatero kwa ine, "mwana uyu magazi akuthamanga. Wamng'ono, koma akuthamanga. Zili m'banja."

"Ndiye mumupatse mankhwala."

"Mankhwala pambuyo. Poyamba thupi ligwire ntchito."

Ndinaseka mpaka kutsamwa. "Ntchito? Mayi, mwationa bwino ife? Timalima, timawokera, timasenza matumba. Mafiziko olimbitsa thupiwo ndi a anthu a mu ofesi."

Sanatsutse. Anangondiuza kuti ndiwongoke, ndikweze manja onse awiri m'mwamba. Manja anafika m'makutu n'kukana, msana unalira ngati chitseko cha bafa. Emma, ndi pakamwa pake popotoka, anaseka koyamba chigwereni.

"Munda umadya mbali imodzi," anatero Noriko. "Zina zikugona."

Umo ndi momwe zinayambira, kuseri kwa nyumba yanga, pansi pa mango. Poyamba anali Eliness yekha, kenako anzake a m'sikimu, kenako ndi ife amene tinkaseka. Noriko anagawa sabata ngati momwe timagawira madzi m'ngalande. Lolemba inali miyendo: kunyonyomala ngati ukukhala pampando umene palibe, kudzuka, kunyonyomalanso mpaka ntchafu zitatentha. Lachitatu manja ndi msana: kunyamula mabotolo odzaza mchenga, kukankha khoma ngati lakulakwira. Masiku apakati thupi lizipumula. Loweruka ndiye linali la thupi lonse, kuyambira khosi mpaka zidendene, ndipo limenelo ankalitsiriza ndi gule.

Guleyo sanali wa kuno. Tinkaima mozungulira, kutambasula manja pang'onopang'ono ngati mapiko, kuwerama, kudumpha pang'ono, kwinaku Noriko akulira pakhosi ngati mbalame. Anati ndi gule wa mbalame yoyera ya miyendo italiitali imene imavina m'madambo a kwawo. Ife tinati ameneyo ndi kakowa, yemwe uja amatsata ng'ombe ndi kutera m'mpunga. Dzina linakhala lomwelo. Loweruka likafika azimayi ankaitanizana, "Tiyeni ku kakowa!" Ndipo pa akakowa onsewo panalibe wofanana ndi Eliness wanga. Akatambasula manja unkachita kuona kuti pansi akungopaponda mwaulemu.

Masana ena mvula inatitsekera pakhonde, tikusankha mpunga m'lichero. Eliness anafunsa, "Anti Noriko, ku Japan aliyense amavina kakowa?"

Noriko anati, "Ayi. Ndi wa kwathu, koma si wa onse."

Ine kumeneko sindinafikeko, ndikungonena zimene anatiuza. Anati agogo ake akuchikazi anali a mtundu wotchedwa Ainu, anthu a pa chisumbu cha kumpoto kumene kumazizira mpaka madzi kuuma gwa. Anali ndi chiyankhulo chawochawo, ankapha nsomba m'mitsinje, ankaluka zovala ndi khungwa la mtengo. Pamenepo ndinati, "Nyanda imeneyo! Agogo anga ankavala." Anati m'mphepete mwa chovala, m'khosi ndi m'manja, azimayi ankapeta mizere yopota yokhala ndi timinga kunsonga, kuti choipa chikafuna kulowa chibayidwe. Azimayi achikulire ankawatcha Fuchi, ndiye kuti agogo.

Fuchi wake anali ndi mphini zakuda kuzungulira milomo. Kale chimenecho chinali chizindikiro chakuti mtsikana wakula, ndipo kunali kukongola. Koma boma linali litaletsa, anthu a m'tauni ankaloza ndi chala, ana kusukulu ankaseka ana ake. Ndiye mayiyo akamapita kusitolo ankamanga kansalu pakamwa ngati wodwala chimfine. Chiyankhulo chake sanaphunzitse mwana ngakhale mmodzi. Ankayimba yekha posinja, akaganiza kuti palibe akumva.

"Tsiku lina ndinamuona kuseri kwa nyumba akuvina mbalame," anatero Noriko. "Ndinali wamng'ono. Mawa lake alendo abwera, ine ndatambasula manja, ndikuvina. Fuchi anandimenya manja. Apa, ndi apa. Anati usadzachitenso pamene anthu akuona. Sanandimenyepo china chilichonse moyo wanga wonse."

Guleyo anadzamuphunzira atakula, kwa azimayi ena okalamba, Fuchi atamwalira kale.

Eliness magazi anali akadali otentha. "Gogo ameneyo anali wamantha," anatero. "Kumenya mwana chifukwa chovina gule wa kwanu? Ine sindingachite zimenezo, olo andiikire mpeni pakhosi."

"Ankafuna ndiyende mumsewu popanda wondiloza," anatero Noriko, maso ali m'lichero.

Ndinangogwira mphini zanga za m'masaya, zimene amishoni ankati ndi zachikunja.

Emma anakhala nafe zaka ziwiri, anafika poyenda ndi ndodo mpaka kutchalitchi. Kenako bipi inabweranso m'mawa wina akutsuka mkamwa, ndipo ulendo umenewo sinamusiye. Noriko analira nafe atakhala pamphasa ngati mkazi wa pamudzi. Nthawi yake yobwerera kwawo itakwana, anasiyira Eliness kansalu komanga pamutu, kakuda, kopetedwa ndi ulusi woyera, mizere yopota ija ndi timinga take. Anapeta yekha. Gulu analisiya m'manja mwa Eliness.

Kenan ankabwera kuno kudzagula mpunga wokagulitsa kumalire ku Songwe. Mnyamata waulemu, wa mano oyera, wosamwa. Anamuona Eliness akukweza thumba pangolo yekha, anyamata awiri akungoyang'ana. Ng'ombe zinabwera, ukwati unachitika, ndipo ine ndinavina mpaka chitenje kumasuka.

Koma ndisanamupereke ndinamukhazika pansi. Ine ndi malemu amuna anga tinachokera kumpoto komweko, tinatsikira kuno sikimu itatsegulidwa, ndiye mwambo wa kumeneko ndimaudziwa. Timati kutila. Mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, saonana maso ndi apongozi ake aamuna. Sawatchula dzina, sadya pamene ali, sakhala nawo bwalo limodzi. Akamva akubwera amapatukira m'nthochi nadzifunda nsalu kumutu. Nawonso apongozi ali ndi mbali yawo: poyandikira pamene pali azimayi amatsokomola, kuti mkamwana apeze mpata wochoka. Mabanja ambiri masiku ano anafewetsa, ena mpaka amakwera minibasi imodzi. Koma a Ambokile, bambo a Kenan, sanafewetse kalikonse. Ine sindinyoza mwambo umenewu. Ndinatila apongozi anga mpaka tsiku limene tinawaika m'manda.

Eliness anausunga. Ndikunena pamaso pa Kyala, Mulungu amene amationa tonse: zaka zonse zimene anakhala pamudzi paja a Ambokile sanaonepo nkhope yake. Ankadya mbalagha ya nthochi yophika iye, ankamwa chambiko chosunga iye, ankavala malaya ochapa iye, koma akanakumana naye pamsika wa Karonga akanamudutsa ngati mlendo. Apongozi aakazi ankanyadira kutchalitchi kuti mkamwana wa ku Wovwe waposa ana a pamudzi pomwepo.

Pa mimba ya Sheila mapazi anatupa, nkhope inatupa, bipi inakwera mpaka anamugoneka kuchipatala. Anapulumuka ndi mwana yemwe. Atachira anakumbukira matope amene anatolamo mayi ake, nayambiranso mafiziko. Ku Iponga kunali namwino wina, Evelyn, wochokera ku Zomba, amene nyumba yake inali ndi mpanda wabango wautali. M'menemo ndi momwe ankakumana: aphunzitsi aakazi, azimayi ogulitsa usipa, akazi a apolisi, ndi akamwana ena a pamudzi. Ankavala mathalauza mkati mwa zitenje, ndipo zitenjezo ankazivula chitseko chitatsekedwa. Mwamuna sankalowamo, ngakhale mwamuna wa Evelyn ankadikira kunja ndi njinga yake. Apongozi aakazi ankadziwa. Kenan ankadziwa, ndipo ankadzitama kwa anzake kuti mkazi wake sadwaladwala. Sheila ankakhala pakona ndi botolo lake laling'ono la mchenga.

Evelyn sanali munthu woipa. Kungoti kwawo kutila kulibe, ndipo sanaganize. Loweruka lina anajambula kakowa pa foni kuti atumizire mkulu wake ku Zomba amene ankavutika ndi shuga. Patsogolo pa onse panali Eliness, nkhope poyera, kansalu ka Noriko pamutu, thalauza, manja ali m'mwamba. Mkulu wakeyo anatumizira anzake, anzakewo anatumizira anzawo. Mpanda wabango umatchinga maso a wodutsa, koma foni siitchinga. Mwezi usanathe kanemayo anali atazungulira dziko n'kubwerera ku Iponga komweko.

A Ambokile ankakonda bawo pansi pa mtengo pafupi ndi pamene amagulitsira ng'ombe. Tsiku limenelo panali wogula ng'ombe wina wochokera kutali, amene sankadziwa za pamudzi. Anatulutsa foni nati, "Madala, taonani azimayi a masiku ano." Foni inayenda m'manja. Amene anamuzindikira Eliness anaipatsira mnzawo msangamsanga ali chete, aliyense kuyembekeza kuti wina aibweza. Palibe anaibweza. Inafika kwa a Ambokile.

Anayang'ana. Anaseka. Anaibweretsa pafupi ndi maso. Kenako anati, mokweza, pamaso pa amuna onse aja, "Koma wapatsogoloyu ndiye mkazi! Taonani chiuno. Mwamuna wake amagona bwino ameneyu. Ndi wa kwa yani?"

Akuti ngakhale nkhomo za bawo zinaleka kulira. Mkulu wina ndi amene anawanong'oneza. A Ambokile anaika foni pansi, anadzuka, anasiya ndodo yawo pomwepo. Sanabwererenso pa bawo paja mpaka lero.

Akanamudziwa nkhope, akanaponya foniyo kutali asanayang'ane kawiri. Sanamudziwe chifukwa mwana wanga anasunga mwambo bwino kwambiri. Chimenecho ndi chimene chimandidzutsa mtima ndikachiganiza.

Mawa lake Eliness anamukweza kabaza.

Tinapita kukakamba mlandu, ine ndi mwana wanga wamwamuna Chakufwa, amalume ake a Eliness, ndipo Elinessyo tinamutenganso. Amuna anakhala pabwalo. Eliness anamuika m'khitchini kuseri kwa mphasa, ndipo mawu ake ankatulutsa ndi mlamu wake Tusekile, mlongo wa Kenan. Sheila anamutumiza kwa anansi kuti asaone mayi ake. Kenan anakhala pambali, akukanda matope ouma pa nsapato ndi kamtengo.

Woyankhulira a Ambokile anati mkamwana wavula pamaso pa apongozi ake, wachititsa manyazi mudzi.

Chakufwa anayamba ndi ulemu wake wautali uja. Ine sindinathe kudikira.

"Asebele," ndinatero kwa a Ambokile, monga timaitanirana makolo a okwatirana, "mwana wanga anabwera pa bawo panu?"

Ndinapitiriza.

"Anavulira pabwalo pano? Anali mumpanda, chitseko chotseka, pakati pa akazi anzake. Mwambo umati mkamwana athawe akamva chifuwa. Inu munatsokomola musanayang'ane mufonimo?"

"Amayi, khalani pansi," anatero Chakufwa.

"Ndakhala kale, ukundiona ndaima? Ndikufunsa. Amene anayamikira chiuno ndi ndani? Ndi Eliness?"

Apo ndiye ndinaponda pachilonda. Amuna anayang'ana pansi. Ndinayang'ana a Ambokile, ndipo ndinaona kuti ndi nkhalamba imene yaonda m'masiku ochepa. Anayankhula motsitsa, osayang'ana aliyense.

"Ndikatseka maso ndikumuona. Mkazi wa mwana wanga. Ndikapita kutchalitchi anyamata akutambasula manja kumbuyo kwanga. Mundiuze, mama, ndikhale bwanji pamudzi panga?"

Koma sindinawamvere chisoni tsiku limenelo. Chisoni changa chonse chinali kuseri kwa mphasa.

Chigamulo chinali chakuti Eliness akhoza kubwerera, koma mafiziko athe. Osati mumpanda, osati m'nyumba, osati kuphunzitsa wina aliyense, makamaka mwana. Akakana, akhale ku Wovwe, Sheila atsale kwa atate ake.

"Kenan," ndinatero, "mkazi wako mayi ake anafa ndi bipi. Iwe unamuona pa mimba ija. Ukudziwa chimene mafizikowa amamuchitira. Tayankhula."

"Agogo, ine ndilibe mawu pamaso pa adada."

"Mano oyerawo ndi ongosekera basi?"

Tusekile anatuluka m'khitchini nati, "Alamu akuti akaganize."

Tinabwerera opanda mwana.

Miyezi imene inatsatira Eliness anakhala pano. Azimayi a m'sikimu atamva kuti wabwera anayambiranso kusonkhana pansi pa mango, ndipo iye ankawatsogolera. Thupi linali lamphamvu, bipi ili pamalo pake, koma kakowa wake analibe moyo. Ankakweza manja maso ali kunjira. Evelyn anabwera kudzapepesa akulira, nati nkhaniyi ipite kukhoti, malamulo a masiku ano amayang'ana ubwino wa mwana, osati ng'ombe. Ine ndinavomereza pomwepo. Ndinati ndigulitsa mpunga wonse, tikamenyane.

Eliness anapita kaye kukamuona mwana kusukulu, mobisa, nthawi yopuma. Anabwerako madzulo. Ndinachita kumukoka mawu.

"Tsitsi silinapesedwe, agogo. Ali ndi chipere apa. Atandiona anayang'ana kaye uku ndi uku asanandithamangire. Mwana wanga, kuyang'ana kaye ngati pali womuona."

"Ndiye tipite kukhoti."

"Alamu a Tusekile andipeza panjira. Akuti sukulu ikatsekera amutumiza kwa azakhali ake ku Kyela, kutsidya kwa malire, akaphunzire komweko. Khoti la kuno likawoloka Songwe, agogo? Pomwe azidzaweruza, mwana akuyankhula Chiswahili, ine akunditcha anti."

"Akukuopseza chabe."

"Mwina. Inu mungayese ndi mwana wanu?"

Kenako ndinanena chimene chinali pamtima. "Mayi ako anagwa asanafike zaka makumi anayi. Ukasiya, ukudziwa kumene ukupita."

"Ndikudziwa pamene anagwera. Ndinawanyamula ndine." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Bola ndidzagwe Sheila ali pafupi, kusiyana n'kukhala wamphamvu kuno iye akundiiwala."

Loweruka lotsatira azimayi anabwera ndi mabotolo awo, anapeza Eliness akumanga kachikwama kaja. Anawauza kuti apitirize okha, akudziwa zonse. Anamasula kansalu ka Noriko, anakapinda, anandiika m'manja.

"Kumeneko akawotcha," anatero.

Anapita sukulu isanatsekere. Sheila ku Kyela sanapite. Gulu la kwa Evelyn linatha, chifukwa amuna ena atamva za a Ambokile analetsa akazi awo, ndipo Evelyn anapempha kuti amusamutse. La kuno likuchepa chaka ndi chaka. Tatsala ochepa, okalamba okhaokha, ndipo palibe amene amatha kulira ngati mbalame ija.

Chaka chathachi ndinapita ku Iponga kukawaona. Ndinamupeza Eliness kuseri kwa khitchini akusinja mpunga mumtondo, pamene chigayo chili pafupi, chikumveka kulira. Wanenepa, koma si kunenepa kwabwino. Akakolo atupa, ndipo pawindo pali kabotolo ka mapiritsi amene Noriko ankati pambuyo. Mutu akuti umamuwawa kumbuyo kuno, malo omwe Emma ankaloza.

"Chigayo chafa?" ndinafunsa.

Anayang'ana uku ndi uku, monga anachitira mwana wake kusukulu kuja. "Lero Lachitatu, agogo," ananong'ona. "Manja ndi msana."

Anamwetulira pang'ono, ine ndinalephera.

Sheila anali bwino, zimenezo ndisabise. Tsitsi lolukidwa, chipere chinatha, masaya odzaza. Ankangozungulira mayi ake ngati mwanapiye, kuwagwira chitenje, kuwabweretsera lichero. Tinakhala pamphasa tikudya nthochi yootcha. Ng'ombe zinkabwera kuchokera kudambo, ndipo akakowa anali pambuyo pake, ena atakwera pamsana. Mmodzi anatera pafupi ndi khola natambasula mapiko.

Mwana anadzuka. Palibe anamuuza. Anatambasula timanja take pang'onopang'ono, anawerama, anadumpha, ndipo pakhosi pake panatuluka kulira kuja kwa mbalame ya kudziko lozizira, ndendende momwe Noriko ankachitira pansi pa mango wanga. Anali atasunga zonse kuchokera pakona ya mpanda wa Evelyn. Ndinayang'ana Eliness. Nkhope yake inali itawala ngati kale.

Pomwepo kunjira ya m'nthochi kunamveka chifuwa. A Ambokile ankabwera.

Eliness anadumpha. Dzanja limodzi linakokera nsalu kumutu, linalo linagwira mwana. Anamumenya manja, uku ndi uku, mpaka kumveka phwa.

"Usadzachitenso! Wamva? Usadzachitenso pamene anthu akuona!"

Atatero anaima kaye ngati munthu amene waponda minga. Ndikudziwa chimene anakumbukira, chifukwa nanenso ndinali pakhonde paja tsiku la mvula. Koma chifuwa chinamvekanso pafupi, ndipo anathamangira m'nthochi atadzifunda, monga mkamwana wabwino.

Sheila sanalire msanga. Anayang'ana manja ake, anayang'ana kumene mayi ake analowera. Misozi inabwera pambuyo.

A Ambokile anatulukira ndi ndodo yatsopano, atawerama kuposa kale. Anaona mwana akulira, anaona ine. Sindikudziwa ngati anaona zimene zinachitika.

"Mwaghona, mama," anandipatsa moni.

Ndinawayang'ana m'maso, pakuti ine si mkamwana wawo, ndipo sindinayankhe. Anaima pang'ono, kenako anapitirira kukhola.

Ndinamukoka Sheila, ndinamukhazika pamiyendo, ndikumusisita timikono.

"Agogo, ndalakwa chiyani?"

"Sunalakwe."

"Nanga amayi andimenyeranji?"

"Akufuna ukhale nawo pompano, mwana wane. Idya nthochi."

Eliness anatuluka m'nthochi apongozi atalowa m'nyumba. Maso anali ofiira. Anagwada, anatenga manja a mwana aja nawaika pamasaya pake. Kenako anadzuka, anatola munsi, napitiriza kusinja.

Kansalu kaja kali m'sutikesi mwanga, pansi pa yunifomu ya Umanyano, gulu la azimayi a kutchalitchi. Ndamuuza Chakufwa kuti ine ndikadzapita asadzakapereke kwa Eliness, ku Iponga angadzakawotche. Adzadikire Sheila akule, adzamuitane kuno ku Wovwe, adzamupatse m'manja.